Metal detector: ndigule kapena ndisiye?

Bambo a Tadala, Norwich: Abale anga, ndithandizeni nzeru. Mnzanga wakuntchito, mbadwa ya konkuno ku Norfolk, Loweruka lililonse amakazungulira m'minda ndi metal detector, makina ofufuzira zitsulo zokwiririka m'nthaka. Sabata yatha anandionetsa kandalama kasiliva kopyapyala ngati chikhadabo, kokhala ndi nkhope ya mfumu Edward I ya ku England. Nditakaika pachikhatho thupi linachita tsembwe. Kakhala m'dothi zaka zoposa 700! Ndaona makina otere otchedwa Minelab Vanquish, mtengo wake ndi wa mashifiti atatu. Ndigule?

Mayi a Chisomo, Leicester: Achimwene, ndalama imeneyo bwanji osatumiza kumudzi agulire feteleza? Mlamu wanga anagula, anapita kanayi, lero makinawo ali m'galaja. Ankangobwera ndi misomali, mabatani ndi totsekulira zitini ta mowa, nsapato zili matope okhaokha.

Achimwene a ku York: Mayi a Chisomo sakunama, zinyalala ndiye zambiri. Ine chino ndi chaka chachinayi ndikuchita zimenezi. Pa maenje makumi awiri, mwina limodzi ndi lomwe limatulutsa chinthu chosunga. Koma a Tadala, musanayambe za makina, munda muli nawo? Kuno dothi lililonse lili ndi mwini wake. Popanda chilolezo cha mlimi simungakumbe, ndipo mapaki ambiri makhonsolo amaletsa. Ine ndinagogoda pamakomo a alimi asanu ndi awiri, wachisanu ndi chitatu ndi amene anandilola, titalemberana pepala loti chamtengo chikapezeka tidzagawana pakati.

Bambo a Tadala, Norwich: Nanga pamabwinja a Aroma kapena pafupi ndi nyumba zakale za mafumu? Ndimaganiza kuti kumeneko ndiye kwabwino.

Achimwene a ku York: Ayi ndithu, musayerekeze. Malo otetezedwa aja amati scheduled monument, kungoyatsapo makina popanda chilolezo cha Historic England, bungwe loyang'anira malo akale, ndi mlandu, ngakhale mwini munda atavomera. Palinso lamulo la chuma chopezeka m'nthaka, Treasure Act ya 1996. Mukapeza ndalama zagolide kapena zasiliva ziwiri kapena kuposa pamalo amodzi, zazaka zopitirira 300, muyenera kunena kwa coroner, mkulu wa boma wogamula ngati chopezekacho ndi chuma, pasanathe masiku 14. Anthu ambiri amadzera kwa Finds Liaison Officer wa m'dera lawo, katswiri wolandira malipoti a zinthu zakale zopezeka, amene amalembanso zinthu zing'onozing'ono m'kaundula wa Portable Antiquities Scheme. Ku Scotland lamulo ndi lina, chakale chilichonse mumanena.

Aphunzitsi, Coventry: Ndionjezereko pang'ono. Mu 2015 amuna awiri anapeza chuma cha nthawi ya ma Viking pafupi ndi Leominster, n'kubisa, n'kuyamba kugulitsa mwamseri. Mu 2019 anawatsekera m'ndende, ndipo ndalama zambiri za chumacho sizinapezekenso. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti zina mwa ndalamazo zinali ndi Alfred wa ku Wessex ndi Ceolwulf II wa ku Mercia, umboni woti mafumu awiriwa ankagwirizana. Mbiri yotere ikamwazika siibwerera. Enafe tili pa viza, mlandu ngati umenewu ungatithere zonse.

Mayi a Chisomo, Leicester: Ndiye phindu lake lili pati? Kuzizira konseku, chilolezo, malamulo, kenako chabwinocho atenge a myuziyamu?

Aphunzitsi, Coventry: Satenga ulere, mayi. Terry Herbert atapeza Staffordshire Hoard mu 2009, chumacho anachiika pa mtengo wa mapaundi oposa 3.2 miliyoni, iye ndi mwini munda anagawana. Eric Lawes mu 1992 ankafuna hamala yotayika ku Hoxne, n'kupeza ndalama za Aroma pafupifupi 15,000. Iye sanapitirize kukumba yekha, anakanena, akatswiri n'kudzafukula mwadongosolo. Koma amenewa ndi anthu ochepa kwambiri. Wogula makina kuti alemere akhumudwa.

Achimwene a ku York: Zoona. Changa chamtengo wapatali kwa ine ndi kandalama kamkuwa ka Aroma, kobiriwira, kodyeka m'mphepete. Pamsika sikangagule ndi buledi awiri. Ndinakapeza mu Okutobala, m'munda wongolimidwa kumene atakolola tirigu. Makina analira kamawu kosalala, ndinatembenuza chibuma, ndikupukuta ndi chala n'kuona mutu wa mfumu wovala nkhata. Ndinakhala pansi pomwepo kwa kanthawi. Tsikulo mwana wanga anafunsa za Aroma mpaka usiku.

Malume a ku Luton: Ine ndimati mugule, pa holide mudzapite nayo kumudzi. Anthu akupeza golide ku Makanjira.

Achimwene a ku York: Malume, makina a golide wa m'nthaka ndi ena, monga Gold Monster, amamva tizidutswa tating'ono kwambiri. Vanquish anaipangira ndalama ndi zinthu zakale. Ndipo kumudzi nakonso za migodi zili ndi malamulo ake. A Tadala, muwerengerenso pinpointer (kachipangizo kam'manja kolozera pamene pali chitsulo m'dzenje), fosholo yolimba, magolovesi ndi umembala wa NCMD, bungwe la ofufuza ndi makinawa, chifukwa cha inshuwalansi, alimi ambiri amaifunsa. Ine ndikanati mubwereke kaye, mupite kawiri, kamodzi kukugwa mvula.

Mayi a Chisomo, Leicester: Apo ndiye ndavomera. Kubwereka kaye.

Bambo a Tadala, Norwich: Zikomo nonse. Ndamuimbira mnzanga uja, akuti ali ndi metal detector ya Garrett yakale yomwe sagwiritsanso ntchito, ndipo mawa akafunsa mlimi ngati ndingabwere naye Loweruka. Ndagula majombo okha.