Kodi ndibwezeremo ukali m'nkhani yomwe ndaikonza kachitatu?

Nachisale, Area 25

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munazolowera kulemba nkhani zokopa anthu. Mwezi wathawu ndinalemba nkhani yoti ikawerengedwe pamsonkhano wa ochita malonda kumsika wa kwathu, yowalimbikitsa kusiya majumbo opyapyala aja. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) m'chaka cha 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhalepo, koma aliyense wodutsa pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe mvula ikangokata amaona majumbo atakolekera m'bango ngati zovala zoyanika.

Poyamba ndinalemba ndili ndi mkwiyo, mpaka ndinawatchula ogulitsawo kuti ndi anthu osaganizira za mawa. Nditawawerengera azakhali anga, omwe amagulitsa tomato, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa modekha kuti, “Nanga kasitomala akabwera chimanjamanja, tomatoyo ndimuikire m'thumba la malaya?” Nkhani yanga yonse, masamba awiri athunthu, inalibe yankho la funso limeneli. Ndinachotsa mawu onse onyoza, ndikuikamo ndime yovomereza kuti jumbo yokhuthala ndi yokwera mtengo komanso kuti wogulitsa amaopa kuluza kasitomala. Vuto ndi lakuti tsopano nkhaniyo yazizira, ikumveka ngati chidziwitso chomata pakhoma la ofesi. Kodi ndibwezeremo ukali uja, kapena kuzizira kumeneku ndiye kukhwima kwake?

Mphunzitsi wopuma, Kawale

Mayi Nachisale, azakhali anu anagwira ntchito yomwe mkonzi wabwino amagwira, chifukwa anakusonyezani kuti nkhani yoyamba ija munalembera anthu amene akugwirizana nanu kale, pomwe amene mukufuna kuwatembenuza mtima munangowaloza chala. Munthu amene watchulidwa kuti ndi wosaganiza samvanso ndime yachiwiri, amakhala akukonza zoyankha.

Komabe ndikukayika ngati chomwe chasowa ndi ukali. Nthawi zambiri pokonza nkhani timachotsa mawu onyoza pamodzi ndi zinthu zooneka ndi maso zomwe zinatikwiyitsa, ndipo chimatsala ndi mfundo zouma zokhazokha. Majumbo okolekera m'bango amene mwatiuza pano, kodi alimo m'nkhani yachitatuyo? Ngati mulibe, abwezereni, ndipo muyambire pamenepo, kapena pa ngalande ya kumsika kwanu komweko yomwe imatsekeka madzi nkulowa pansi pa mabenchi, chifukwa ogulitsawo ndi amene amapondamo m'mawa uliwonse. Ana anga a sukulu ndinkawauza kuti awerenge nkhani yawo mokweza ataimirira. Pamene mawu ayamba kutuluka mwaulesi, ndime imeneyo ndi yofunika kuilembanso.

Achimwene a ku Biwi

Ine ndisiyana pang'ono ndi aphunzitsi, ndipo andikhululukire. Kuvomereza nkhawa za wogulitsa ndi bwino, koma mukavomereza kwambiri omvera amatuluka mumsonkhano akuganiza kuti nanunso mwagonja. Ndime yovomereza ija isathere pa kuvomereza pokha. Funso la azakhali anu liyankhidwe ndi chinthu chotheka, mwachitsanzo kuti ogulitsa onse amzere wa tomato agwirizane tsiku limodzi losiyira, kuti pasakhale woopa kuti mnzake amulanda kasitomala, komanso kuti ogula akumbutsidwe kubwera ndi dengu kapena kachikwama monga ankachitira makolo athu.

Chinanso, mawu akuti ma micron 60 achotseni kapena muwamasulire. Mayi wogulitsa usipa sayeza jumbo ndi makina. Iye amadziwa jumbo yong'ambika ukaikamo mbatata zitatu. Zaka za 2015 ndi 2019 zikhalemo, koma m'chiganizo chimodzi chokha, ndipo chisakhale koyambirira, chifukwa mukayamba ndi lamulo anthu aganiza kuti mwabwera kudzawaopseza.

Nachisale, Area 25

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndabwerera ku nkhani yachitatuyo ndipo aphunzitsi alondola: bango lija ndinalichotsa pamodzi ndi mawu onyoza, popeza zonse zinali m'ndime imodzi. Ndaibwezeretsa mbali imeneyo, ndipo tsopano nkhani ikuyamba ndi ngalande ya kuseri kwa mzere wa nsomba. Mfundo ya achimwene yogwirizana tsiku limodzi ndaiika kumapeto ngati pempho lenileni, chifukwa ndaona kuti m'nkhani zonse zitatu sindinapemphe chinthu chodziwika, ndinkangoti anthu asinthe. Chiganizo chimodzi chaukali ndachisiyamo, chonena kuti mtsinje sungakhale dzala la mzinda wonse, popeza chikudzudzula tonse, ogula ndi ogulitsa omwe. Loweruka ndikawawerengeranso azakhali, ndipo ndawapempha kuti aitane anzawo awiri a pabenchi yoyandikana nayo.