Mowa wa Khirisimasi ndi filimu ya alamu anga: ndithandizeni maganizo

Abale ndi alongo a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani ya m'banja mwanga ndipo ndikupempha kuti mundiyankhe moona mtima, chifukwa Khirisimasi yayandikira koma mtima wanga sunakhazikike. Ndine mayi wa ana atatu, timakhala ku Blantyre, ndipo chaka chilichonse abale a amuna anga amasonkhana kwathu. Apongozi anga aakazi amabwera kuchokera kumudzi, pomwe alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, amafika kuchokera ku Johannesburg kumene amagwira ntchito.

Kwa zaka zingapo tsopano, tikatha kudya mpunga ndi nkhuku masana timaonera Home Alone, filimu ya mu 1990 ija ya mnyamata wa zaka 8 amene anaiwalidwa panyumba ku Chicago abale ake akuthamangira ndege ya ku Paris. Apongozi anga samva Chingerezi, koma filimu imeneyi safuna munthu wowamasulira. Zitini za penti zikamawomba akuba awiri aja pamasitepe, kapena simbi ikagwera mmodzi kumaso, iwo amaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, mdzukulu wawo wamng'ono ali pamiyendo. Pachaka chonse, ndi nthawi yokhayo imene ndimaona agogo ndi adzukulu akuseka chinthu chimodzi pa nthawi imodzi.

Chaka chatha alamu anabwera ndi mabotolo a wisiki, ndipo iwo, amuna anga ndi msuweni wawo anayamba kumwa pakhonde dzuwa lisanafike pamutu. Cha m'ma 4 koloko mvula inawathamangitsira m'nyumba. Alamu anatenga rimoti, nanena kuti zimene tinkaonerazo ndi za ana, kenako anaika The Hangover, filimu ya mu 2009 ya amuna amene anapita ku Las Vegas kukasangalala ukwati wa mnzawo utatsala pang'ono, n'kudzuka m'mawa ndi matsire osakumbukira kanthu, m'bafa muli kambuku, wina dzino litaguluka, mkwati atasowa. Ine sindinkaidziwa. Mawu otukwanawo apongozi sanawamve, koma zithunzi zina anaziona, ndipo anadzuka mwakachetechete n'kupita kuchipinda akunena kuti mutu ukuwapweteka. Ana aang'ono ndinawatengera kukhitchini. Mwana wanga woyamba, wa zaka 15, anatsala ataima kuseri kwa mpando, akuseka limodzi ndi bambo ake.

Chimene chinandilasa kwambiri ndi zimene ndinamva m'mawa mwake, mnyamatayo akuuza mnzake kuti chisangalalo chenicheni ndi chimene munthu sachikumbukira akadzuka. Komanso amuna anga amamwa mankhwala a BP, ndipo anagona masiku awiri mutu ukuwawa. Alamu nawo usiku womwewo anayendetsa galimoto kukasiya msuweni uja ku Chirimba mvula ikugwa, ine ndili maso mpaka nditamva geti ikutsekulidwa.

Nditawadandaulira amuna anga, anandiuza kuti mlendo ndi mame, ndipo mng'ono wawo amabwera kamodzi pachaka komanso ndiye anagula malata a nyumba ya mayi awo. Zimenezo n'zoona, ndipo alamu ndimawalemekeza. Ine sindimwa, koma sindinaletsepo munthu wamkulu kumwa. Kodi ndiyambire pati kuti chaka chino zisabwerezeke, popanda kuchititsa manyazi amuna anga kapena kuoneka ngati ndikupitikitsa m'bale wawo?

Yankho la bambo wina:

Amayi, ine The Hangover ndimaikonda ndipo sindibisa. Filimuyo sikuti imatamanda uchidakwa, chifukwa chimene chimaseketsa ndi mavuto amene amunawo akumana nawo, ndipo pambuyo pake zimadziwika kuti mmodzi mwa iwo anathira mankhwala m'zakumwa zawo. Ndiponso Home Alone yanuyo si yofatsa, pakuti mnyamata uja amawotcha munthu m'mutu ndi moto, kungoti ana amadziwa kuti ndi sewero. Komabe alamu anu analakwa pa malo ndi nthawi. Nthabwala zimene timaseka amuna tokhatokha sitizinena pamaso pa mayi amene anatibereka, ndipo ndikukhulupirira kuti akanakhala kuti sanamwe sakanayerekeza.

Yankho la mayi wina wokhala ku America:

Achemwali, kuno mafilimu amapatsidwa zilembo zosonyeza amene ayenera kuonera. Home Alone ili ndi chizindikiro cha PG, kutanthauza kuti ana angathe kuonera makolo akuwayang'anira. The Hangover ili ndi R, ndipo kumalo oonetsera mafilimu mwana wosakwana zaka 17 saloledwa kulowa popanda kholo kapena womulera. Choncho ngakhale eni ake amene anaipanga sanaipangire banja lonse. Ndaona ena akukuuzani za Coming to America ya Eddie Murphy ya mu 1988 poganiza kuti nkhani ya mwana wa mfumu wochokera ku Africa ingawasangalatse apongozi. Imaseketsa zedi, koma nayonso ili ndi R, ndipo koyambirira kwenikweni kuli zithunzi za kubafa zimene zingawadzutsenso pampando. Ngati akuluakulu atopa ndi Home Alone, yesani Sister Act ya Whoopi Goldberg ya mu 1992, ya woimba amene anakabisala kunyumba ya masisitere ku San Francisco n'kusintha kwaya yawo. Ili ndi PG, ndipo nyimbo sizifuna womasulira.

Yankho la mayi wina wachikulire:

Mwananga, nkhani ya filimuyo ndi yaing'ono. Chachikulu ndi mwamuna wa BP amene akuyamba kumwa wisiki m'mawa, ndi galimoto imene ikutuluka usiku woyendetsa ataledzera. Mowa wambiri umakweza magazi, ndipo munthu amene ali pa mankhwala ayenera kufunsa kuchipatala asanalole kuti ulemu wa pachibale umumwetse. Usalankhule wekha ndi alamu ako, ndipo usadikire tsikulo, chifukwa munthu amene wamwa kale sumuuza kanthu n'kumva. Khala pansi ndi amuna ako sabata ino, ana atagona, uwauze zimene mwana wawo ananena monga mmene unazimvera. Bambo akamva mawu otere kuchokera pakamwa pa mwana wake wamwamuna, amaganiza mozama kuposa akamva madandaulo a mkazi. Iwowo ndi amene aimbire mng'ono wawo foni asananyamuke ku Johannesburg.

Yankho la mnyamata wina:

Amayi, musaiwale mwanayo. Wa zaka 15 filimu imeneyi angathe kuipeza pafoni ya mnzake ngakhale inu mutabisa rimoti. Ine pa msinkhu umenewo ndinkaona ngati kuledzera ndi kukula chifukwa palibe wamkulu amene anandiuza mtengo wake. Mumufunse chimene chinamuseketsa, ndipo mumukumbutse mmene bambo ake analili masiku awiri aja.

Mwini funso:

Zikomo nonse. Dzulo usiku ndinalankhula ndi amuna anga monga mmene amayi mwandilangizira. Poyamba anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandifunsa kawiri ngati mnyamatayo ananenadi zimenezo. Avomera kuti masana pabalaza pakhale pa apongozi ndi ana, kuti filimu ya akuluakulu idikire mpaka usiku ana atagona, ndiponso kuti amene wamwa agone konkuno, makiyi a galimoto ndisunge ine. Ndayamba kale kufunafuna Sister Act, ndipo thobwa ndikonza lambiri.

Chimene akana ndi kuimbira alamu foni, akuti nkhani zotere zimafuna kuonana maso ndi maso. Alamu afika pa 23 Disembala madzulo, ndipo ndikudziwa kuti botolo loyamba limatsekulidwa katundu asanalowe m'nyumba. Kodi ndiumirire za foniyo, kapena ndipemphe apongozi, amene afika masiku awiri alamu asanafike, kuti alankhule okha ndi ana awo?