Husain uja wojambula milungu ya Ahindu anamuthamangitsiranji kwawo?

Nachisale88:
Abale ndithandizeni. Ndakhala ndikuwerenga za mkulu wina wa ku India dzina lake Maqbool Fida Husain, uja ankayenda opanda nsapato nkumajambula akavalo nthawi zonse. Chikundizunguza mutu nchakuti munthuyu anali Msilamu koma zaka zambirimbiri ankajambula milungu ya Ahindu monga Ganesha, Hanuman, Durga ndi nkhani za mu mabuku awo akale a Ramayana ndi Mahabharata, nde pamapeto pake anachoka mdziko mwake nkukafera ku London mu 2011. Analakwa chani kwenikweni? Pa intaneti ndikungoona anthu akutukwanana basi.

MkuluWaPenti:
Achemwali nkhaniyi njotalika koma ndiyesa. Husain anabadwa mu 1915 ku Pandharpur, tauni ya ku Maharashtra komwe Ahindu amapita miyandamiyanda kukapembedza Vithoba, ndiye milunguyi anayamba kuiona ali mwana, siyachilendo kwa iye ayi. Mayi ake anamwalira iye ali khanda. Atakula anapita ku Bombay nkumapenta zikwangwani zikuluzikulu zotsatsa mafilimu, ganyu yamalipiro ochepa koma nkomwe anaphunzira kupenta mwachangu ndi mizere yokhuthala ija imene mumaiona pa zithunzi zake. Kenako analowa gulu la ojambula lotchedwa Progressive Artists' Group limodzi ndi wojambula mnzake F.N. Souza. Mu 1971 anakaonetsa zithunzi za Mahabharata ku São Paulo, ndipo mu 1986 boma linamusankha kukhala mu Rajya Sabha, nyumba yapamwamba ya malamulo. Munthu wolemekezeka ndithu.

Moto unabuka mu 1996 magazini ina ya Chihindi, Vichar Mimansa, itasindikiza chithunzi chake cha mulungu wamkazi Saraswati ali maliseche, chomwe anajambula cha mma 1970. Milandu inayamba kugwa ngati mvula, makhoti osiyanasiyana mizinda yosiyanasiyana, mu 1998 anyamata a gulu la Ahindu la Bajrang Dal anakaphwanya zinthu kunyumba kwake ku Mumbai, kenako mu 2006 kunabweranso phokoso la chithunzi chija anthu anachitcha Bharat Mata (Mayi India), mapu a India ngati mzimayi wosavala. Chaka chomwecho anachoka, nkumakhala pakati pa Dubai ndi London, mu 2010 anatenga unzika wa Qatar.

Chikondi_J:
Koma akuluakulu tisamuyeretse kwambiri. Ine ndine wopemphera ndipo wina atajambula chimene ndimachilemekeza chili mbulanda zingandipweteke mumtima, kaya akutcha luso kaya chani. Ndipo funso lomwe Ahindu ambiri ankafunsa ndilakuti bwanji zoterezi sankachita ndi anthu olemekezeka a chipembedzo chake? Funso limenelo silopusa ayi. Kuphwanya nyumba ndikukana, koma kukwiya kokha ndikukumvetsa.

MkuluWaPenti:
Achimwene kukwiyako sindikukutsutsani. Chimene chimandikayikitsa ine ndi zaka pafupifupi 20 zija chithunzi chinangokhala phee palibe anadandaula, nkudzatulukira patangopita zaka zinayi chigwetsereni mzikiti wa Babri ku Ayodhya mu 1992, nthawi yoti ndale za Ahindu ndi Asilamu zinali zitatentha zedi. Wina anachita kukachifukula dala.

Chinanso chimene anthu sachiganizira. Milungu yovala sari yonyezimira imene Ahindu ambiri anaizolowera pa makalendala inafala kwambiri chifukwa cha Raja Ravi Varma, amene anatsegula makina osindikizira zithunzi ku Bombay mu 1894. Koma mukaona ziboliboli za pa akachisi akale ngati a ku Khajuraho ndi Konark, matupi osavala ali mbwee pakhoma ndipo anasema ndi Ahindu eni ake. Husain ankati akutsata mwambo wakalewo. Khoti lalikulu la ku Delhi mu 2008, jaji Sanjay Kishan Kaul, linathetsa milandu ya Bharat Mata nkunena kuti chithunzicho sicholaula, Supreme Court nayo inakana kumuzenga. Komabe mkuluyo sanabwerere, zoopseza zinalipobe ndipo zaka zinali zitapitirira 90.

Chikondi_J:
Zandale zo ndavomera. Koma kachisi wosemedwa ndi okhulupirira ndi chithunzi chokagulitsa kwa anthu olemera sizofanana kwa ine, pamenepo tisiyana basi kkkk

Nachisale88:
Zikomo nonse, tsopano ndayamba kuona mutu wake. Ndapita kukaziona zithunzizo ndipo zandidabwitsa, nkhope zambiri zilibe maso ngakhale pakamwa, thupi ndi mizere chabe, ineyo ndimayembekeza zinazake zoopsa. Ndaonanso kuti mu 2025 chithunzi chake cha moyo wa kumudzi, Gram Yatra, chomwe chinakhala zaka zambiri pa chipatala china ku Oslo, chinagulidwa madola oposa 13 miliyoni ku kampani ya okushoni ya Christie's. Nanga maliro ake anawatengera ku India?

MkuluWaPenti:
Ayi achemwali, anamuika ku England konko, kumanda a Brookwood ku Surrey.