Atibweretsera Buku Loyera m'malo mwa Lopatulika, Loweruka tikugawa, nditani?

Wogawa, Mkanda
Abale mu utumiki ndithandizeni msanga, mutu waima. Tinaitanitsa Buku Lopatulika makatoni 10, ndalama anzathu akunja analipira kalekale. Dzulo galimoto yatsitsa katundu pa tchalitchi, kutsegula katoni yoyamba, Buku Loyera. Yachiwiri, Loyera. Onse 10 chimodzimodzi. Ndaimbira amene anatumiza akuti Lopatulika linatha, tidikire. Tidikire mpaka liti? Tinalengeza kale m'nthambi 6 kuti Loweruka lino tikugawa, ziwiri mwa nthambizo zili kutsidya kwa malire. Akuluampingo ndawapatsa buku limodzi kuti aone, atsegula Salimo 23, angoona Chauta m'malo mwa Yehova basi atseka, akuti ili si lathu. Othandiza akufuna lipoti ndi zithunzi mwezi usanathe. Makatoni ali pansi m'chipinda cha kuseri kwa guwa ndipo mvula yayamba. Ndigawe choncho kapena ndibweze?

Abusa opuma, Santhe
Mwana wanga, musanachite china chilichonse, musadinde. Chidindo cha mpingo chikangogwera pa tsamba loyamba palibe adzalandire bukulo kuti akusinthireni. Ife zinatichitikira. Achinyamata anachezera usiku wonse kudinda makatoni anayi ndi mtima wabwino, m'mawa mwake ndi pamene tinaona kuti zilembo zake ndi zing'onozing'ono, pomwe ife tinkafuna zikuluzikulu za agogo. Tinakhala nawo mabukuwo zaka ziwiri.

Mkulu wa mpingo, Kamwendo
Ine funso langa ndi lina. Mukuti mukugawa, ndiye kuti ulere? Pamenepo ndi pamene pali vuto, osati pa Chauta kapena Yehova ayi. Kuno ndi kwa fodya. Pepala la Baibulo ndi lopyapyala, anyamata amalikonda popichira chingambwe. Ndinaona ndi maso angawa pa msika, mnyamata akung'amba tsamba la Yesaya, kulinyambita m'mbali, kuyatsa. Pachikuto panali chidindo chathu. Mtima unandipweteka sabata yonse. Munthu apereke kangachepe, ngakhale mbale ya mtedza. Chimene wachivutikira amachisunga.

Katekisiti, Ludzi
Achimwene a ku Mkanda, tsegulani tsamba la mndandanda wa mabuku muone ngati muli Tobiti ndi Yuditi. Buku Loyera lilipo la mitundu iwiri, lina lili ndi mabuku owonjezera amene timawerenga ife Akatolika, lina lilibe. Ngati alimo, akuluampingo anuwo mudzakangana nawo kawiri. Koma ngati alimo ndiuzeni, m'miphakati mwathu anthu akulisowa, mwina tingapeze njira. Ndipo bukuli musaliyese lachilendo. Linatuluka mu 1998 pansi pa Bible Society, omasulira ake anali Akatolika ndi a mipingo ina atakhala pa tebulo limodzi. Ife tisanalilandire tinkagwiritsa Malembo Oyera, ndipo nafenso agogo athu anayamba akana.

Mayi wa Chigwirizano, Kapiri
Bambo, bukulo si loipa ayi. Apongozi anga maso anafooka, ndimawawerengera madzulo. Ndikawerenga makalata a Paulo mu Lopatulika amandiimitsa pafupipafupi kuti abwereze, akuti chiyani pamenepo. Mu Loyera amangogwedeza mutu, nthawi zina kuyankhira ngati akucheza ndi munthu. Koma ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Tsiku lina pa msonkhano wa amayi mtsogoleri anati tiwerenge tonse pamodzi. Theka "Yehova ndiye mbusa wanga", theka "Chauta ndiye mbusa wanga", ndime yachiwiri isanafike aliyense ali kwake, ena kuseka, mayi wina wamkulu anatuluka panja atakwiya. Ngati pa guwa amawerenga Lopatulika, amene wagwira Loyera amasokera ndipo amaganiza kuti mwamupatsa lolakwika. Apatseni achinyamata ndi aphunzitsi a Sande sukulu, muwafotokozere kaye.

Wogawa, Mkanda
Ndaona, mulibe Tobiti. Za chidindo mwachedwa nazo Abusa, katoni imodzi ana adinda kale dzulo madzulo ndisanatsegule bwino. A mkulu a ku Kamwendo, kugulitsa sindingathe, pachikuto chilichonse anamata kapepala koti losagulitsa, ndipo ndi zimene tinasainirana ndi othandiza.

Mkulu wa mpingo, Kamwendo
Kapepalako amamatula. Pitani tsiku la msika mukaone pa mphasa za ogulitsa mabuku akale, mupeza malo pamene panali kapepala pakuoneka poyera. Inu simugulitsa koma wina adzagulitsa. Auzeni othandizawo zoona zake za kuno. Ulere umaononga.

Mlaliki, Waliranji
Ine ndiyankhepo za kutsidya. Musayerekeze kumanga makatoni pa njinga n'kudutsa njira zamadulira chifukwa choti nthambiyo ili pafupi. Ndinachitapo, ndikuganiza kuti ndani angaimitse Mawu a Mulungu. Oyang'anira malire anandiimitsa. Katoni yomata bwino pa keliyala, iwo akuona ngati katundu wa geni. Ndinakhala pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mabuku onse atawakhuthulira pa fumbi kuwerenga limodzilimodzi, kudikira abusa abwere ndi kalata. Dzerani pa boda ya Mwami yolowera ku Zambia ngakhale ndi kozungulira, mutenge kalata ya mpingo yodinda yonena kuchuluka kwa mabuku ndi kuti ndi mphatso, ndi pepala limene linabwera ndi katundu. Komanso abale a mbali ya Chipata Chinyanja chawo amalemba ndi c popanda h. Lopatulika lakale lija lolemba "cifukwa" ndi "Mwana wace" kwa iwo ndi kalembedwe ka kusukulu. Afunseni kaye musananyamuke, mungasenze pachabe.

Abusa opuma, Santhe
Ndiwonjezere pang'ono, akuluampingowo musawaone ngati ouma mitu. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ntchito ya William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed pamodzi ndi anzake, azungu ndi Amalawi. Zaka zoposa 100 lili m'kamwa mwa anthu. Ndime zimene analoweza m'kalasi asanabatizidwe ndi za mmenemo, zimene anamva poika makolo awo m'manda ndi za mmenemo. Dzina loti Chauta ena amalimva ngati la kukachisi kopempha mvula, ngakhale omasulira analisankha dala kuti Mulungu wa m'Baibulo atchulidwe ndi dzina limene Achewa ankalidziwa kale. Zimenezi simungazimalize Loweruka limodzi pa bwalo, anthu ali pa mzere. Mukawakakamiza, mabuku adzalandira chifukwa cha ulemu, koma adzakagona pansi pa sutikesi. Zithunzi mudzajambula zabwino, owerenga palibe. Ine ndikanalembera othandizawo lero lomwe kuwauza zimene zachitika.

Woyang'anira sitolo ya mabuku, Kasungu
Nonse mukukamba za Chauta, ine ndikuda nkhawa ndi mawu oti makatoni ali pansi. Achotseni lero. Simenti imatulutsa chinyezi nyengo ino, ndipo chiswe sichichedwa. Sanjani njerwa, pamwamba matabwa, makatoni atalikirane ndi khoma mpata wolowa dzanja, kuzungulira njerwazo thirani phulusa. Musakulunge ndi pulasitiki mothina, mkati mumachita thukuta, masamba amamatana n'kuchita nkhungu. Ndipo musasanje opitirira anayi, a pansi msana wa buku umapindika. Ine katoni ina kunja inkaoneka yabwinobwino, kuinyamula pansi pake panatsala dothi lokhalokha, chiswe chitadya kuyambira Genesis mpaka Masalimo, buku lililonse.

Mkulu wa mpingo, Kamwendo
Chiswe chimadya mabuku amene akudikira kugawidwa ulere. Akanakhala ogulitsa pa mtengo wotsika bwenzi atapita kale m'manja mwa amene akuwafunadi, Loyera kapena Lopatulika. Ndanena kachitatu tsopano.

Mayi wa Chigwirizano, Kapiri
A mkulu, takumvani, koma pali amayi amasiye amene ngakhale ya mchere alibe. Amenewo tiwamane? Ife timalemba maina kudzera kwa atsogoleri a m'midzi, wolandira amasaina, dzina lake timalemba mkati mwa chikuto ndi bolopeni. Buku lolembedwa dzina silipita kumsika wamba.

Katekisiti, Ludzi
Ngati mulibe Tobiti ndiye kwathu kuvuta pang'ono, komabe funsani aphunzitsi a Bible Knowledge m'masekondale a pafupi, ndi amene amayendera akaidi. Katoni yodindayo ingathere kumeneko.

Mlaliki, Waliranji
Poti tili pa nkhani yomweyi, alipo amene ali ndi timawailesi ta sola tija ta Baibulo lomvetsera? Tathu tiwiri tasiya kusunga moto, tikangochoka pa dzuwa tazima, ndipo gulu la agogo osawerenga lakhala masabata atatu osakumana. Batire yake imasinthika kapena ndi kutaya?

Woyang'anira sitolo ya mabuku, Kasungu
Musatsegule ndi mpeni, mudula waya wa sipika. Tumizani chithunzi cha kumbuyo kwake ndione mtundu wake.