Thanki ya galasi ya K1,500 yosungiramo nsomba za kudambo: ndigule?

Wa_ku_Kapata: Abale thandizeni. Mwana wanga wabwera ndi tinsomba tamoyo kuchokera kudambo la kufupi ndi mtsinje wa Lutembwe kuno ku Chipata, wakanitsitsa kuti tisakazinge. Pano tili m'ndowa. Pali munthu akugulitsa thanki ya galasi ya malita 60, pampu ya mpweya ndi sefa yake, zonse K1,500. Ndi bwino kugula? Komanso ndi nsomba zanji izi? Tambiri ndi toyera tonyezimira, timadontho takuda m'mbali. Kamodzi ndi kakuda, mutu wophwatalala, ndevu zazitali. Tiwiri tikuoneka ngati ana a makumba.

Amake_mapasa: Musagule! Ine anandidyera ndalama zanga chaka chatha. Thanki yogwiritsidwa kale ntchito, K1,200, mwini wake akulumbira kuti ilibe vuto. Usiku womwewo inayamba kudontha pakona pamene anamata, m'mawa madzi ali pabalaza ponse, mkeka wanyowa, nsomba zili gadagada. Kuimba foni, yozimitsa. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Mkulu_wa_Kalongwezi: K1,500 ndi ndalama yoti munthu nkufunsira pagulu? Yanga ndi ya malita 200, ndinakaitenga ku Lusaka, K7,000 osawerengera zoyendera. Muli mbuna zenizeni za ku Nyanja ya Malawi, zabuluu ndi zachikasu. Alendo akabwera saonera TV. Tinsomba ta m'matope sitiyenera galasi.

Wanjinga77: Akulu, funso silinali la thanki yanu.

Wanjinga77: Ndipo mayi, kazingani basi. Tomato ndi anyezi, mwana aiwala mawa lomwe 😂

Mlimi_wa_ku_Chadiza: Galasi la chiyani? Dulani diramu lapulasitiki pakati, kapena gulani beseni lalikulu ku Saturday Market, silipitirira K150. Ikani mchenga pansi, muike pamthunzi. Nsomba imafuna madzi, sifuna galasi.

Amake_mapasa: K150 liti? Ine ndinagula K230 mwezi watha.

Mlimi_wa_ku_Chadiza: Ndiye kuti simutsitsa mtengo asisi.

Aphunzitsi_opuma: Mayi a ku Kapata, tiyambe ndi nsombazo tisanafike pa ndalama. Toyera ta madonthoto ndi matemba. Amenewo ndi abwino kusunga: sakula kwambiri, amakonda kuyenda pagulu, amadya pafupifupi chilichonse chaching'ono. Koma amalumpha, ndiye pamwamba pazikhala chovindikira. Kandevuko ndi mwana wa mlamba. Mukachotse lero lomwe. Mlamba umakula msanga, umasaka usiku, ndipo chilichonse chokwana m'kamwa mwake umameza. Umapumanso mpweya wa kunja, nchifukwa chake umatha kutuluka m'chotengera nkukwawa pansi. Malita 60 sangaukwanire. Tiwiri tinato yang'anani chipsepse cha pamsana, chakumbuyo kwake. Ngati pali dontho lakuda lozungulira, ndi ana a makumba, ndipo adzakula kuposa chikhatho, kukumba mchenga ndi kuzula zomera zonse. Koma ilipo ina yofanana nawo yomwe sikula kwambiri, a sayansi amati Pseudocrenilabrus philander. Yamphongo ili ndi milomo yabuluu ndi kadontho kofiirira kumapeto kwa chipsepse cha kunsi, yaikazi imafungatira mazira m'kamwa mpaka ana ataswa. Ikakhala imeneyo mwapeza chinthu chokongola zedi, ngakhale yamphongo ndi yandewu.

Wa_ku_Kapata: Zikomo aphunzitsi. Ndayang'ana, dontho lakuda lilipo pa tonse tiwiri. Ndiye thankiyo ndigule?

Aphunzitsi_opuma: Ngati ndi ya matemba okha, ndipo mwini wake alole kuidzaza madzi mpaka pakamwa, igone tsiku lathunthu inu mukuona. Chimene chimapha nsomba kawirikawiri si thanki ayi, ndi madzi a pampopi. Muli klorini. Atungeni akhale m'ndowa yosavindikira tsiku limodzi kapena awiri musanathire. Musamasinthe madzi onse nthawi imodzi, chotsani pang'ono sabata iliyonse. Nsima musaponyemo, imawola nkuipitsa madzi.

Mkulu_wa_Kalongwezi: Ine ndimathira a pampopi mwachindunji, sizinafepo.

Wanjinga77: Si inu munalemba mu June kuti zafa zinayi?

Mkulu_wa_Kalongwezi: Kumeneko kunali kuzizira, osati madzi.

Namwino_wa_ku_Katete: Ine nkhawa yanga ndi mwanayo. Madzi odikha a m'madambo ndi m'madamu mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowera pakhungu munthu akangoponda m'madzimo. Asamalowemo, ndipo nkhono za kumeneko musaziike m'thanki. Mukaona magazi mu mkodzo thamangani naye kuchipatala.

Mlimi_wa_ku_Chadiza: Ndipo pampuyo iziyenda ndi chiyani malaiti akapita tsiku lonse? Beseni langa ndi lotambalala, mpweya umalowa wokha pamwamba. Thanki yopapatiza yodzaza nsomba, pampu ikaima mudzaziona zikuyasamula pamwamba.

Mkulu_wa_Kalongwezi: Gulani inverter ngati ine.

Amake_mapasa: Munthu akudandaula K1,500 inu mukuti inverter?

Wa_ku_Mfuwe: Kuno kuchigwa cha Luangwa kuli tinsomba tofiira tomwe timaoneka m'zithaphwi mvula ikagwa, ena amati timagwa ndi mvula. Zoona zake mazira ake amakhala m'matope ouma chilimwe chonse, madzi akabwera amaswa. Timatchedwa Nothobranchius. Kukongola timaposa mbuna za akuluwo, koma sititha chaka tili moyo. Kumbukiraninso kuti boma la Zambia limatseka usodzi kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, musamatume ana ndi masikito nthawi imeneyo.

Wanjinga77: Pampu ndili nayo ine, K250 ndikupatsani. Galasi akudulireni amene amadula la mawindo, mumate nokha ndi silikoni, zonse sizifika K700.

Aphunzitsi_opuma: Galasi la mawindo ndi lopyapyala. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, malita 60 ndi makilogalamu 60 akukankha galasilo. Silikoni wina amakhalanso ndi mankhwala oletsa nkhungu, amapha nsomba.

Wa_ku_Kapata: Wogulitsa uja watsitsa, akuti K1,300, koma zodzaza madzi wakana, akuti ali ndi changu. Mlamba taubweza kudambo komwe unachokera, mwana walira.

Amake_mapasa: Wakana kudzaza? Ameneyo mwina ndi yemwe uja. Nditumizireni chithunzi cha thankiyo kumbali.

Mlimi_wa_ku_Chadiza: Beseni, mayi. Beseni.