Zija ndinafunsa za mafizo a bambo anga a pa dayalisisi

Abale, mwezi wathawu ndinafunsa ngati bambo anga amene ali pa dayalisisi (kusefa magazi ndi makina) angamapange mafizo, poti impso zinasiya kugwira ntchito ndipo amangokhala ofooka, miyendo inayamba kuonda. Ambiri munati azingopuma basi, ena munati tifunse kaye adokotala. Tinafunsadi.

Adokotala akuti kungokhalako ndi kumene kumathetsa minofu, ndiye anawalola ayambe pang'onopang'ono. Amapita pa makina katatu pa sabata, maola 4, ndiye masiku opanda dayalisisi anayamba kuyenda mphindi 10, pano afika 25 osapuma. Chinandidabwitsa nchakuti ngakhale ali pa makina pompo amatha kupalasa kanjinga koyika kumapazi, koma akuti maola 2 oyambirira okha, chifukwa kumapeto madzi ambiri amakhala achotsedwa m'thupi ndiye BP imatsika, chizungulire ndi kukokana kwa minofu zimayambira pamenepo.

Mkono wa fistula uja (pamene analumikiza mitsempha ya magazi kuti azibayapo singano za makina) ayi, asanyamulire zolemera, asaugonerenso. Vuto lomwe tidakali nalo ndi ludzu, akatuluka thukuta amafuna kumwa madzi ambiri pomwe anawapatsa mlingo woti asapitirire, ndiye tikuyenda m'mawa kusanatenthe. Akangomva kupweteka pachifuwa kapena kubanika asiye pompo, pamenepo adokotala sanaseke ayi.

Kutopa kudakalipo, magazi ndi ochepabe, koma pano akudzuka okha pampando osagwira munthu ndipo usiku akugonako bwino. Dzulo anachita kundikalipira kuti ndikuyenda mwaulesi, ineyo!