Regression yandizunguza mutu, ndithandizeni abale

Wakuzomba:
Abale ndithandizeni. Ndikulemba dizeteshoni ya sociology, ndikufuna kuona ngati sukulu imene mayi anafika ikukhudzana ndi kugwiritsa ntchito njira zolerera. Data ndili ndi ya MDHS (kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo m'Malawi) ya 2015-16, ndayiponya mu pulogalamu ya Stata ndi regress, command ya regression yoyezera ubale wa zinthu, koma R-squared, nambala yoonetsa kuchuluka kwa zimene model ikufotokoza, yatuluka yochepetsetsa, asupavaiza angolemba kuti model siyoyenera basi osalongosola. Ndiye ndipange bwanji?

Kadaulo:
Achemwali, yang'anani kaye chimene mukufuna kufotokozacho. Kulera ndi inde kapena ayi, 1 kapena 0, ndiye regress wambayu atha kukulozerani mwayi woposa 1 kapena wotsika pansi pa 0, zomwe sizingachitike kwa munthu. Apa pakufunika logistic, regression ya mayankho a inde kapena ayi. Pa v313, column ya mu data yoonetsa mtundu wa njira yolerera, pangani variable yatsopano, amene akugwiritsa njira zamakono akhale 1, ena onse 0, maphunziro muwatenge pa v106 koma muyike i.v106 kuti Stata idziwe kuti ndi magulu osati manambala ongokwera. Logistic ikupatsani ma odds ratio, manambala oyerekezera magulu, odds ratio ikaposa 1 ndiye kuti gulu limenelo lili ndi mpata waukulu wolera kuposa osapita kusukulu, ikatsika ndiye wochepa. R-squared musagone nayo tulo, zochita za anthu sizifotokozeka zonse ndi variable imodzi.

Mai_awiri:
Komanso ma weight, manambala opangitsa kuti sample iimire dziko lonse, musaiwale chonde, ambiri amagwa pamenepa! A NSO, ofesi ya boma imene inachita kafukufukuyu, sanangotola amayi paliponse, anasankha kaye ma cluster (timadera) kenako makomo mkati mwake, ndiye v005 ya weight muigawe ndi 1000000, mupange svyset youza Stata mmene sample inasankhidwira ndi v021 ya ma cluster komanso v022 ya zigawo zimene anasankhamo ma cluster, command iliyonse muziyamba ndi svy. Mukapanda kutero ma standard error, oyezera mmene zotsatira zingaphonyere, amatuluka ang'onoang'ono, p-value yoyezera ngati ubalewo ndi wamwayi chabe nkumaoneka yokongola chonsecho ikukunamizani.

Wachuma:
Ife a economics regress pa 0 ndi 1 timaigwiritsabe ntchito ndithu, sikuti ndi tchimo, koma tsatani zimene asupavaiza akufuna. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi china. Mayi wofika sekondale nthawi zambiri amakhalanso mtauni, chipatala chili pafupi, pakhomo pali kangachepe, ndiye mukaona ubale musathamangire kunena kuti sukulu ndiyo yachititsa. Ikanimonso v025 ya mudzi kapena tauni, v190 ya chuma, komanso zaka za mayiyo, muone ngati maphunziro akuimabe.

Wakuzomba:
Zikomo kwambiri nonse, svyset yatheka. Nanga amayi apakati ndiwachotse mu sample kapena ndiwasiye? Poti iwo sangakhale akulera panopa.